Chubu Chikakayikitsa, Chitulutseni

Ana anga, inu amene mwangoyamba kumene kukwera ambulansi, kaya muli ku Leeds, kaya ku Johannesburg, kaya kwathu ku Lilongwe, takhalani pansi. Ndili ndi mawu. Mawu amenewa sindinawatole m'kalasi. Ndinachita kuwagula, ndipo mtengo wake sindinalipire ndekha. Mbali yaikulu analipira ndi munthu amene sanandilakwire kanthu.

Ndagwira ntchito ya uparamediki ku England zaka zoposa 20. Imvi zafika, mawondo akulira chifukwa cha masitepe amene ndatsitsapo odwala. Pa maluso onse amene manja awa anaphunzira, palibe limene linanditukumula mtima ngati lolowetsa chubu pakhosi pa munthu amene wasiya kupuma. Inunso ndikukuonani. Mukulisirira luso limeneli ngati mmene mnyamata amasiririra njinga yamoto ya mkulu wake. Mukuganiza kuti tsiku limene mudzalowetse chubu choyamba ndi limene mudzakhale maparamediki enieni. Inenso ndinkaganiza choncho. Ndinkadzinamiza.

Mukudziwa kale kuti pakhosi pali makomo awiri oyandikana. La kutsogolo ndi kholingo, lopita ku mapapo. La kumbuyo ndi mmero, njira ya chakudya, lopita m'mimba. Khomo la kholingo ndi laling'ono, limabisala kuseri kwa lilime, ndipo lili ndi kachivindikiro pamwamba pake. Mmero ndi wofewa, sukana mlendo. Chubu mukachikankha osaona bwino, chimasankha mmero. Sichilira, sichidandaula. Chimangokhala phee, inu n'kumapopera mpweya m'mimba, ubongo wa munthu ukufa ndi njala ya okosijeni. Ubongo sudikira. Mphindi zochepa chabe, wapita, ndipo subwerera.

M'masiku athu, kuti munthu apatsidwe chilolezo, ankayenera kulowetsa machubu 25 ku fiyeta, dokotala wogonetsa odwala ataima pambali pake. Ndinali ndi kakhadi m'thumba, ndipo chubu chilichonse chinkandipatsa siginecha imodzi. Ku fiyeta zonse zimakukonda. Wodwala sanadye chilichonse kuyambira dzulo. Mankhwala amufewetsa nsagwada. Tebulo alikweza kufika pamene iwe ukufuna, nyali ikuwala ngati masana, ndipo ukangosochera pang'ono dzanja la dokotala lafika kale. Nditapeza siginecha ya nambala 25 ndinatuluka pachipata ndikuyenda ngati tambala. Sindinkadziwa kuti kafukufuku wa ku Switzerland wa 1998 anali ataonetsa kale kuti madokotala ophunzira ntchito yogonetsa odwala, amene amagwira laryngoscope, chipangizo chosuzumira nacho pakhosi, tsiku ndi tsiku, ankafunika kuyesa maulendo pafupifupi 57 kuti azikhoza 90 pa 100 alionse. Iwo 57, m'chipinda chowala. Ine 25, kenako kumsewu usiku.

Zinandigwera m'chaka changa chachitatu. Unali usiku wa mu Januwale, kukuzizira kolowa m'mafupa. Bambo wina wa zaka za m'ma 50 anagwa m'bafa atangotha kudya. Mabafa a nyumba zambiri za kuno ndi ang'onoang'ono, ali m'mwamba, kumapeto kwa masitepe opapatiza. Tinawapeza atapanikizika pakati pa chimbudzi ndi mosambira, mutu uli kukhoma, mtima utaima. Mnzanga wa usiku umenewo anali mtsikana amene anali atangotha miyezi 6 pantchito. Iye anagwada n'kuyamba kudinikiza pachifuwa. Ine ndinagona chafufumimba pa matailosi ozizira, laryngoscope ili kudzanja lamanzere.

Choyenera chinali kuwakokera kaye panja, pamwamba pa masitepe, pamene panali malo oti munthu n'kugwada kumutu. Zikanatenga masekondi 20. Sindinatero. Ndinkafuna chubu.

M'kamwa munali modzaza chakudya chamadzulo. Makina oyamwira masanzi ndinawayatsa mochedwa, ndinayamwa pang'ono, ndinasuzumira. Ndinaona kanthu kotuwa, kapena ndinene kuti ndinafuna kukaona. Ndinakankha chubu. Chinalowa myaa, popanda chopinga. Ndinafufumitsa kabaluni kake, ndinalumikiza Ambu bag, ndinafinya. M'chubu munachita nthunzi. Ndinaika stethoscope pachifuwa ndipo ndinamva phokoso. Khutu la munthu wodzikhulupirira limamva chimene mwini wake akufuna. Masiku amenewo si ambulansi iliyonse imene inali ndi makina oonetsa mafunde a mpweya wotuluka, koma m'chikwama munali kachipangizo kosintha mtundu kakakhudzidwa ndi mpweya wochokera m'mapapo. Sindinakatulutse n'komwe m'pepala lake. Ndikanakatulutsiranji? Si ndinali nditaona ndi maso anga?

Patapita kanthawi mtsikana uja anayankhula, mawu ake ali pansipansi: "Pepani, koma mimba yawo ikuoneka ngati ikufufuma."

Ndinamuyankha osatembenuka: "Iwe dinikiza pachifuwa. Za mpweya undisiyire ine."

Anakhala chete. Anadinikiza.

Tikutuluka ndi machira, mayi a m'nyumbamo anandigwira mkono pakhomo. Anati zikomo, zikomo kwambiri. Liwu limenelo ndimalimvabe.

Kuchipatala, dokotala anatenga laryngoscope n'kuyang'ana kamodzi kokha. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangonena chapansipansi kuti chubu chili kummero, anachisolola, anaika china. Panali patatha mphindi zoposa 25. Bambo aja sanadzuke.

Zotsatira zake ndikuuzani zonse, chifukwa achinyamata mumaganiza kuti cholakwa chimathera pa pepani. Anandiimitsa kugwira ntchito za kumsewu miyezi ingapo. Ndinalemba malipoti, ndinafotokoza pamaso pa akuluakulu, ndinafotokozanso. Ndinaima pabwalo lofufuza za imfa, mayi aja atakhala kutsogolo kwanga ndi ana awo awiri, ine ndikuwerenga nthawi zolembedwa ndi dzanja langa lomwe. Akatswiri ananena kuti mwina bambowo akanamwalirabe, chifukwa ambiri amene mtima waima panyumba sapulumuka. Anzanga ankaganiza kuti mawu amenewo andipepukitsa. Ayi. Mwina ndi mwina basi. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwayi umene anali nawo, kaya unali wochepa bwanji, ndinaupopera m'mimba. Tulo tinathawa. Kunyumba ndinkakalipira ana popanda chifukwa. Amayi anu akunyumba kwanga ndinawabisira miyezi iwiri, mpaka tsiku limene anandipeza nditakhala m'galimoto panja pa nyumba, injini itazima, osalowa. Madzi akatayika saoleka.

Koma chimene chimandiluma kwambiri lero si bwalo lija. Ndi mtsikana uja. Anaona choonadi, ananena, ine ndinamutseka pakamwa. Ndinamuphunzitsa kuti wamng'ono akaona ngozi azikhala chete. Ndinagwira naye ntchito maulendo ena pambuyo pake, ndipo sanandiuzenso kanthu kalikonse kotsutsana nane. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinamuluma chala.

Poyamba ndinkaganiza kuti ndine ndekha wopusa chotere. Nditayamba kuwerenga ndinapeza kuti tilipo ambiri. Ku Orlando, m'boma la Florida, madokotala awiri, Katz ndi Falk, anayang'ana odwala 108 amene anafika kuchipatala ataikidwa machubu ndi maparamediki. Zotsatira zake zinatuluka mu 2001. Machubu 27 sanali pamalo pake, ndipo 18 mwa amenewo anali kummero. Mmodzi mwa anayi alionse! Ndipo musaganize kuti amene anaika machubuwo anali zidakwa kapena aulesi. Anali anthu ngati ine, ngati inu. Aliyense anali wotsimikiza. Mwina aliyense anaona nthunzi, anaona chifuwa chikukwera, anamva phokoso. Zizindikiro zimenezi zimanama. Ndibwereze. Nthunzi imanama. Chifuwa chimanama, chifukwa mimba ikafufuma imachikankha. Stethoscope imanama, makamaka pamsewu pamene injini zikulira ndi achibale akufuula. Ngakhale maso anu amanama.

M'dera lomwelo, mu 2005, kunatuluka kafukufuku wina. Pa odwala 93 amene mpweya wawo wotuluka unkayezedwa mosalekeza, panalibe chubu ngakhale chimodzi chosochera chimene sichinadziwike. Pa odwala 60 amene sanayezedwe, machubu 14 anali osochera. Manja omwewo, misewu yomweyo. Chosiyana chinali kamakina kamodzi.

Kamakina kameneko ndi capnograph. Kamayeza mpweya woipa umene mapapo amatulutsa, n'kuujambula pa sikirini. Chubu chikakhala kukholingo mumaona mafunde otsatana, okwera n'kutsika, ngati mitumbira ya mbatata m'munda wolimidwa bwino. Musakhutire ndi mtumbira umodzi kapena iwiri. M'mimba mukhoza kukhala kampweya kameneka, makamaka ngati munthu anamwa zakumwa za thovu kapena mwamupopera kwambiri ndi masiki, ndipo kamapereka timafunde tochepa tomwe timanka tichepa mpaka kuzimirira. Malangizo amene mabungwe a akatswiri a njira ya mpweya anatulutsa pamodzi mu 2022 amati muwerenge mafunde osachepera 7, osacheperachepera msinkhu. Werengani mokweza, mnzanu amve. Werengani nonse awiri.

Mzere ukakhala wathyathyathya, mtima wanu udzayamba kukupatsani zifukwa. Ndikuudziwa mtima umenewo, ndakhala nawo. Udzati makina awonongeka. Udzati wodwalayu ali ndi mphumu, mapapo atsekeka. Udzati mtima unaima kale, nanga mpweyawo uchokera kuti? Musaumvere. Munthu amene mtima wake waima, ngati mukudinikiza pachifuwa ndipo chubu chili pamalo pake, mafunde amaoneka. Amakhala aafupi, koma amaoneka. Mzere wogona uziuwerenga kuti chubu chili kummero mpaka zitatsimikizika kuti si choncho, ndipo njira yachangu ndi yotetezeka ndi kuchitulutsa. Chitulutseni. Bwererani ku masiki ndi Ambu bag. Mukatulutsa chubu chimene chinali pamalo pake, mwataya masekondi ndi ulemu pang'ono. Mukasiya chubu chimene chili kummero, mwataya munthu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma pantchito yathu ino wofera manyazi anu si inu.

Inu a kwathu, ndikudziwa chimene mukunena mumtima: madalawa akukamba za ku Ulaya, capnograph tiipeza kuti? Mverani izi. Mu 2019 kunasindikizidwa zotsatira za ntchito imene inagawa makapnogirafu 40 m'zipatala 8 za m'chigawo cha kummwera kwa Malawi. M'miyezi 6 yokha, makinawo anagwira machubu 44 osochera kummero. Amene ankaika machubuwo anali ogonetsa odwala, anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, m'fiyeta, osati m'mbali mwa msewu wa M1 mvula ikugwa. Ngati iwo amasochera, inu ndinu yani? Tsono ndinena mosapsatira. Ngati m'ambulansi yanu mulibe capnograph, chubu chisatuluke m'chikwama. Gwiritsani ntchito zina zimene muli nazo, ndipo pitirizani kuvutitsa akuluakulu anu mpaka agule makinawo. Si chinthu chongokometsera. Ndi maso a ntchitoyi.

Pali cholakwa china chimene ndinachichita kambirimbiri, ndipo palibe anandiimitsa ntchito chifukwa cha icho. Ndi kuuza mnzanga kuti, "Taima kaye ndione." Iye amasiya kudinikiza, ine ndikusuzumira, ndikusuntha lilime, ndikusuzumiranso. Kwa wosuzumira nthawi siyenda. Ukamufunsa adzati anatenga masekondi 10. Ku Pittsburgh anayeza pa odwala 100, ndipo mu 2009 anapeza kuti kulowetsa chubu kunkaimitsa kudinikiza pachifuwa pafupifupi masekondi 110 pa wodwala wapakatikati, nthawi zonse zoima zikaphatikizidwa. Pafupifupi mphindi ziwiri magazi osayenda! Malangizo a ku Ulaya a 2021 amati kuima kusafike masekondi 5, ndiponso kuti pamene mtima waima, chubu aziika okhawo amene amakhoza kuposa 95 pa 100 alionse m'maulendo awiri oyesa. Dzifunseni moona mtima ngati muli m'gulu limenelo. Maulendo awiri. Lachitatu si khama, ndi liuma. Ulendo uliwonse umatupitsa pakhosi, umatulutsa magazi, umathyola mano, ndipo umaonongera amene adzayese pambuyo panu.

Mu 2008, komiti imene imalangiza za ntchito zachipatala m'ma ambulansi a ku Britain inanena kuti kuika chubu kusakhalenso luso lokakamiza kwa paramediki aliyense, ndipo inalimbikitsa zipangizo zokhala pamwamba pa kholingo. Ine, munthu amene ndinali nditaphetsa kale bambo aja, ndinakwiyabe. Tangoganizani. Ndinkati madokotala akutilanda ulemu. Kunyada ndi matenda osachira msanga.

Manambala ndi amene ananditsitsa. Mu 2018 kunatuluka kafukufuku wotchedwa AIRWAYS-2, wochitika m'madera anayi a ambulansi ku England, pa odwala 9,296 amene mtima unawaimira kunja kwa chipatala. Maparamediki ena ankayamba ndi chubu, ena ndi i-gel, kachipangizo kofewa kamene kamangokhala pamwamba pa khomo la kholingo, kamene wophunzira wa chaka choyamba amakaika m'masekondi ochepa. Opulumuka ubongo uli bwino anali 6.4 pa 100 alionse kumbali ya i-gel, ndi 6.8 kumbali ya chubu. Kusiyana kosaoneka. Mu 2000, ku Los Angeles ndi ku Orange County, anali atayerekeza kale chubu ndi masiki wamba pa ana 830, ndipo chubu sichinapulumutse ana ambiri kuposa masiki. Luso limene ndinkaliona ngati chisoti cha ufumu linali njira imodzi chabe pakati pa zina. Wodwala safuna chubu chanu. Akufuna mpweya. Mpweya ukamalowa ndi kutuluka bwino kudzera pa i-gel, mafunde akuoneka, musachotse kuti muonetse anthu kuti mumatha. Zisiyeni.

Sindikuti chubu n'chachabe. Musandimve molakwa. Alipo odwala amene china chilichonse chimalephera: wapsa pakhosi ndipo njira ikutupa, masanzi akusefukira osaleka, mapapo auma moti mpweya ukungothawira m'mbali. Palinso nkhani ya ovulala mutu, amene amaikidwa chubu atabayidwa mankhwala ogonetsa ndi oumitsa thupi. Ku San Diego maparamediki atapatsidwa mankhwala amenewa, zotsatira za mu 2003 zinali zomvetsa chisoni: omwalira anali 33 pa 100 alionse, pamene mwa ovulala ofanana nawo amene sanachitidwe zimenezi anali 24. Atayang'ana zimene makina analemba pa odwala 54, anapeza kuti 31 okosijeni inawatsikira m'magazi pa nthawi yoika chubu. Mwa 31 amenewo, pa 26 paramediki ananena kuti ntchito inayenda mosavuta. Mosavuta! Dzanja likusangalala, ubongo wa wodwala ukuzima. Koma ku Victoria, m'dziko la Australia, kumene ntchitoyi inapatsidwa kwa kagulu ka maparamediki ophunzitsidwa mwapadera, kafukufuku wa 2010 pa odwala 312 anapeza kuti 51 pa 100 alionse anali bwino patatha miyezi 6, kuyerekeza ndi 39 mwa amene anadikira chubu cha kuchipatala. Mpeni womwewo, wina asenda nawo chinangwa, wina adzicheka. Mankhwala amenewo musawalakelake. Mukamuumitsa munthu amene amapuma yekha, mwamulanda mpweya wake, ndipo ngongole yobweza ili pa inu. Kufikira mutaphunzitsidwa mokwanira, muli ndi zida zonse, muli ndi dokotala woyang'anira ntchito yanu, musayandikire.

Tsono phunzirani kaye chimene mumachinyoza. Masiki ndi Ambu bag. Achinyamata mumaona ngati ndi ntchito ya wongoyamba. Kuphika nsima nakonso kumaoneka kophweka kufikira mlendo atapeza mibulu. Kugwira masiki kuti mpweya usathawe pa nkhope ya agogo opanda mano, kapena pa bambo wa ndevu zambiri, n'kovuta kuposa kuika chubu pa chidole. Gwirani awiri, chala chimodzi sichiswa nsabwe: wina manja onse awiri pa masiki akukweza nsagwada, wina akufinya. Finyani pang'onopang'ono, kungoti chifuwa chikwere. Ndipo chubu kapena i-gel ikalowa, dzanja lisathamange. Maulendo 10 pa mphindi akwana kwa munthu wamkulu amene mtima waima. Mantha amafinyitsa Ambu bag ngati mukupopa tayala la njinga, ndipo mpweya wochuluka umapanikiza m'chifuwa, magazi n'kulephera kubwerera kumtima. Pa wovulala mutu umafinya mitsempha ya mu ubongo. Ndaona anthu akuika chubu mwaluso, kenako n'kumuononga wodwala ndi Ambu bag.

Tsiku likafika loti muikedi chubu, kumbukirani bafa lija. Sunthani wodwala kaye. Pezani malo oti muzungulire mbali zonse, ndipo ngati n'kotheka mumukweze pa machira kuti musagone pansi ngati buluzi. Makina oyamwira akhale atayaka kale, ali kudzanja lamanja. Ikani kanthu kunsi kwa mutu kuti khutu lilingane ndi pamwamba pa fupa la pachifuwa, pokhapokha ngati mukukayikira kuti khosi lathyoka. Yesani nyali ya laryngoscope, yesani kabaluni. Bougie, kandodo kotsogolera chubu, ikhale m'manja kuyambira ulendo woyamba, osati yoitanitsa zitavuta. Capnograph ikhale yolumikizidwa kale. Mupatseni okosijeni wokwanira musanayambe. Kenako nenani mokweza: ndikalephera tichita chakuti, chakuti chikalephera tichita chakuti. Ndipo muuzeni wamng'ono kwambiri pagulupo kuti ali ndi ufulu wokuimitsani. Muuzeni ndi pakamwa, chifukwa payekha sangayerekeze. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lowetsani chitsulo cha laryngoscope pang'onopang'ono, pezani kachivindikiro kaye, kenako timinyewa tiwiri toyera ta mawu. Osationa, osakankha.

Chubu chikalowa ntchito sinathe. Yang'anani nambala ya pamano: kawirikawiri masentimita 21 kwa mayi, 23 kwa bambo. Mukapitirira, chimatsetserekera ku phapo lakumanja, lakumanzere n'kukhala lopanda mpweya. Apa ndi pamene stethoscope ili ndi ntchito, kumvera mbali zonse ziwiri. Mangani chubu. Gwirani mutu. Chubu chimene chinali bwino m'chipinda chikhoza kuchoka pa sitepe yachitatu, mutu ukangogwedera. Mukatsika masitepe, yang'anani mafunde. Mukakweza m'galimoto, yang'anani mafunde. Galimoto ikagunda bampu, yang'anani mafunde. Musanamusamutsire pa bedi la kuchipatala, aonetseni madokotala mafundewo, ndipo muwasunge m'makina. Yang'anani, yang'ananinso, mpaka mutatopa nazo.

Luso limeneli limachita dzimbiri msanga kuposa khasu losiyidwa pamvula. Ku Pennsylvania anawerenga ntchito ya chaka chimodzi ya anthu oposa 5,000 a m'ma ambulansi, ndipo mu 2005 anapeza kuti wapakatikati anaika chubu chimodzi chokha chaka chonse. Pafupifupi 39 pa 100 alionse sanaike ngakhale chimodzi. Kodi mungakwere basi ya dalaivala amene amagwira chiwongolero kamodzi pachaka? Ndiye sungani kabuku. Lembani chubu chilichonse: ulendo wachingati, munaona chiyani, okosijeni inatsika kufika pati, kudinikiza kunaima nthawi yaitali bwanji. Lembani makamaka zolephera. Kabuku kodzaza zopambana zokhazokha ndi kabodza, ndipo woyamba kunamizidwa ndi mwini wake.

Pemphani kubwerera ku fiyeta, ngakhale pa tsiku lanu lopuma. Mukafika kumeneko vulani ukulu wa kumsewu pakhomo. Perekani moni kwa anamwino ndi othandiza ogonetsa odwala, chifukwa amadziwa zambiri zimene sangakuuzeni mukafika ndi mapewa okwera. Kaonaneni ndi wodwala asanagone, mumuuze kuti ndinu yani, mupemphe chilolezo. Pakhosi pake si pa chidole. Funsani dokotala kuti akuonetseni pamene dzanja lanu likulakwa, safunsa anadya phula. Ngati pali laryngoscope ya kamera, phunzirani nayo, chifukwa onse amaona chimene inu mukuona ndipo bodza lilibe pobisala. Chidole nachonso musamangochiika patebulo. Chiikeni pansi, kuseri kwa chitseko, m'bafa la pa siteshoni, nyali itazima, m'kamwa mwake mutathira phala. Yesezani kulephera. Yesezani kunena kuti "sindikuona, ndikutuluka" mpaka mawuwo atasiya kuwawa pakamwa. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ndipo ngati malo amene mukugwira ntchito sangakupatseni machubu okwanira kuti dzanja likhale lakuthwa, vomerani. Asiyireni anzanu ochepa amene amaika sabata ndi sabata, inu muwaitane msanga. Ine ndinatenga zaka zambiri kuti ndivomere zimenezi. Inu musatenge zaka.

Zaka zingapo zapitazo tinaitanidwa kukhitchini ya nyumba ina, mayi wachikulire mtima utaima. Ndinali ndi wophunzira, mnyamata wa chaka chachiwiri, wamanyazi, woyankhula ngati akupepesa. Tinasuntha tebulo, tinayala zida, ndinamuuza monga ndimauzira aliyense kuti maso ake akhale pa sikirini ndipo akaona chachilendo afuule. I-gel inkathawitsa mpweya, ndiye ndinaganiza zoika chubu. Ndinaona timinyewa toyera bwinobwino. Bougie inalowa, chubu chinatsatira. Ndinafinya kamodzi, kawiri, katatu.

"Palibe mafunde," anatero mnyamatayo.

Ana anga, zaka zonsezi zitapita, bwalo lija nditaliona, lilime langa linali litakonzeka kale kunena kuti makinawo ndi amene avuta. Ndinawamva mawuwo akukwera pakhosi. Ndinaphwetsa kabaluni, ndinasolola chubu, tinagwira masiki awiri. Mitumbira inayamba kuoneka pa sikirini, yaifupi, yotsatana. Titapuma pang'ono ndinayesanso kachiwiri, iye akuwerenga mokweza mpaka 7, ndipo tinanyamuka.

Pobwerera ku siteshoni anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana pawindo. Kenako anafunsa ngati anandichitira mwano pamaso pa achibale aja. Ndinaimitsa ambulansi pa malo omwetsera mafuta, ndinalowa, ndinamugulira tiyi wamkaka ndi bisiketi. Anaulandira ndi manja awiri, akunjenjemerabe.